Zala Zitatu Pachipumi

Mwana wanga wamkazi anabadwa wosamva, ndiye kunyumba kwathu timacheza ndi manja. Kwa anthu olankhula ndi manja, aliyense amapatsidwa dzina lachizindikiro, ndipo sudzisankhira wekha ayi. Bambo ake anawapatsa la ndevu, dzanja kukoka chibwano. Langa ndi zala zitatu zodutsa chopingasa pachipumi. Ndakhala ndikuvomera dzina limeneli kuyambira ali kamwana, osafunsa n'komwe tanthauzo lake.

Anandisokoneza mutu ndi asewere anga, mayi a mnyamata amene akufuna kumukwatira. Tsiku lomwe anabwera kudzakambirana za ukwati, mwana wanga ankawaphunzitsa mayina athu. Atafika pa langa, asewere anayang'ana zala zija, n'kuyang'ana chipumi changa, kenaka n'kubisa chiseko m'kapu ya tiyi.

"Aa, asewere, ndiye kuti munali olusa bwanji! Mpaka mwana kukutchani Makwinya?"

Eni akewo nkhope ili see ngati mbale yatsopano. Ndinaseka nawo, koma zinandiwawa kwambiri. Kodi zaka zonsezi mwana wanga akandiyang'ana amangoona mayi wokwiya? Ndinatsimikiza mtima: makwinyawa achoke ukwati usanafike, andipatse dzina lina.

Mawa lake ndinali pafamase. Mayi wogulitsa anandiikira timabotolo tiwiri patebulo.

"Onsewa ndi mafuta a mapeputayidi," anatero. "Mapeputayidi ndi tizidutswa ta mapuloteni. Abuluuwa ali ndi kopa, akuti amathandiza khungu kuti lizidzikonza lokha. Oyerawa akuti amafewetsa timinofu tomwe timakoka khungu mukakwinya nkhope."

"Akuti, akuti! Nanga inuyo mukuti chiyani?"

"Ine ndikuti musayembekezere zozizwitsa, mayi. Ngati asintha kanthu, ndi pang'onopang'ono."

Ndinanyamula kabuluu kaja n'kukayang'ana powala. Kopa yemweyu wa mawaya amagetsi, kumudzola kumaso? Nanga oyerawo amadziwa bwanji kamnofu koti akafewetse, osapita kukafewetsa mphuno? Ndinafunsa mpaka mzere wa anthu kumbuyo kwanga unayamba kutsokomola. Tsono ine ndine telala, nsalu sindidula ndisanayeze. Ndinagula onse awiri.

M'chipinda changa chosokera muli galasi lalitali loyesera zovala. M'mawa uliwonse ndinkatenga choko cholembera nsalu, n'kujambula mzere kuchokera m'tsitsi mpaka pamphuno. Kumanzere abuluu, kumanja oyera. Kenaka ndinkakweza nsidze, kutsitsa, kukwinya, kumasula, kuti ndione mbali yomwe yayamba kugonja. Kumanzere khungu linkaoneka ngati lawala. Kumanja mzere wapamwamba wa makwinya unkaoneka ngati waphwa, koma mwina anali maso anga okha. Bambo akunyumba ndinawafunsa kamodzi, iwo akuti mbali zonse ndi zokongola. Munthu wopanda thandizo!

Tsiku lina ndinaiwala kukhoma chitseko. Mwana wanga analowa kudzayesa diresi laukwati, n'kundipeza ndili ndi mzere wa choko kumaso, kukamwa yasaa, nsidze m'mwamba. Anaseka mpaka kukhala pansi pa mulu wa zigamba.

"Amayi, mukufuna kudula nkhope?" anafunsa ndi manja.

Ndinamuonetsa timabotolo tija n'kumufotokozera zonse. Iye ananunkhiza kabuluu, n'kutembenuza koyera, n'kundifunsa kuti kopayo sachita dzimbiri. Kenaka ndinamuuza kuti, "Sankha iweyo. Mbali iti yasalala? Ndikufuna achoke, undipatse dzina lina. Ndatopa kutchedwa mayi wokwiya."

Kuseka kuja kunatha. Anandiyang'anitsitsa.

"Wokwiya? Wakuuzani ndani?"

"Nanga zala zitatuzi si makwinya?"

"Ndi makwinyadi."

"Basitu."

Anaika mabotolo pamakina osokera kuti manja ake amasuke, ndipo analankhula pang'onopang'ono, ngati mmene ankachitira ndikuphunzira kumene.

"Ndili mwana, ndikamalankhula, aliyense ankangomwetulira n'kugwedeza mutu. Azakhali, aphunzitsi, ngakhale adadi. Nkhope zosalala, zokoma, koma ndinkadziwa kuti sanamve kanthu, akungofuna ndimalize. Inu nokha munkagwada, chipumi n'kukwinyika, mukuti bwereza, bwerezanso. Ndikaona mizere itatuyo ndinkadziwa kuti pano pali munthu amene akundimvetsera."

Ndinkafuna kumukalipira chifukwa chosandiuza kale, koma nanga ndinafunsapo liti? Ndinalira, ndisakubisireni, misozi n'kusakanikirana ndi mafuta abuluu.

Zitatero kusankha sikunavutenso. Abuluu aja ndinati ndizidzola m'khosi ndi m'manja, kumeneko kulibe dzina la munthu. Oyera aja ndiwasungira asewere, mwina tsiku lina adzakhala ndi choti afewetse.

Mwana wanga anatenga kachigamba n'kundipukuta choko chija. Kenaka anabwerera m'mbuyo n'kunena zinazake mothamanga dala, zala zikungoti phethiphethi, ine osagwirapo ngakhale liwu limodzi.

"Iwe, bwereza! Wati chiyani?"

Sanabwereze. Anandigwira m'mapewa n'kunditembenuzira kugalasi. Mizere yonse itatu inali pomwepo, yakuya, kumanzere ndi kumanja chimodzimodzi. Anaika zala zake zitatu pachipumi changa, chala chilichonse pamzere wake.

"Amayi anga ndi awa."