Chigayo Chamira, Tumizani Malo Anu pa Foni

Madzi osefukira atafika m'mawindo a nyumba, dalaivala wa takisi anakweza mkazi wake ndi apongozi ake padenga. Apongoziwo amadwala shuga. Mankhwala awo anali atapita ndi madzi, ndipo thupi linayamba kulefuka.

Dalaivalayu ankadzitama kuti tauni yonse ili m'mutu mwake. Anaimbira opulumutsa anthu, mawu ali pamwamba ngati akuitanira makasitomala.

"Mukadutsa pachigayo mukhotere kumanzere. Mukaona geti lobiriwira, paja pali galu wolusa..."

"Bambo," anatero mayi wa ku ofesiko, "tikubwera pa boti. Chigayo chamira, geti lamira, za galuyo kaya. Titumizireni malo anu pa mapu a m'foni."

"Mapu ake ati? Mapu ndine!"

"Mapu ali padenga ngati nkhunda," anatero mkazi wake. "Abambo inu, amayi akufooka."

Namwino woyandikana nawo, amene anali padenga lake, anamva zonse.

"Aneba! Tsetseretsani chala kuchokera pamwamba pa foniyo. Mwaona kachizindikiro konga dontho lozondoka? Kadineni."

Dalaivala anakanda m'mutu. "Kameneka ndinakazimitsa kalekale. Akuti kamaulula kumene munthu uli."

Mkazi uja anamuyang'ana cham'mbali. "Nanga mumabisala chiyani?"

"Batire, mayi. Kamadya batire."

"Tikatsika tikambirana bwino za batireyo. Dinani!"

Anadina. Namwino anamuuza kuti atsegule uthenga, asankhe potumizira malo, kenako alembe kuti alipo angati ndipo wodwala akudwala chiyani.

"Ku ofesi kwawo ali ndi mapu aakulu pa kompyuta," anafotokoza. "Aliyense wotumiza amaoneka ngati kadontho. Akatero amagawa maboti osalimbirana malo amodzi, ndipo amayambira kumene kuli odwala. Musachokepo. Mukasuntha, mutumizenso."

Foni inalira: "Takuonani. Boti likubwera ndi dokotala."

Posakhalitsa boti linatulukira kuseri kwa nyumba yosanja. Silinakhote, silinafunse njira. Linabwera ngati likuchita kukokedwa ndi chingwe. Dokotala anawayeza apongozi, n'kuwabaya jakisoni pomwepo. Banja lonse linakwera botilo, namwino naye anakwera.

Mphamvu zitabwerera, apongozi anamuyang'ana mkamwini wawo. "Bambo, zaka zonsezi mwakhala mukundizungulitsa pa takisi yanu. Lero ndiye mwandifikitsa msanga, chiwongolero osachigwira n'komwe."

Kumalo kumene anasonkhanitsa opulumuka, dalaivala anayendera banja lililonse, kulanda mafoni n'kumayatsa kachizindikiro kaja. Ankaphunzitsa monyada ngati anakapanga yekha.

Abale, madzi akasefukira sasiya chigayo, mtengo kapena geti loti mulozere munthu njira. Phunzirani kutumiza malo anu pa foni kunja kukadali bwino, ndipo muphunzitse onse a m'nyumba mwanu. Tsoka likagwa, tumizani malo, nenani kuti mulipo angati ndi amene akudwala, ndipo dikirani pomwepo. Opulumutsa amafika msanga kwa munthu amene akumuona.