Thadzi la Modesta ndi Bonongwe wa Alamu

Chitopa chitasesa nkhuku m'midzi ya ku Mvera, Modesta anatsala ndi thadzi limodzi lokha, ndipo linali likufungatira mazira kuseri kwa nkhokwe. Ankalikonda ngati mwana.

Ndiye masana ena, nsima itangophulidwa, anatulukira a Abrahamu, akulu ake a mwamuna wake Elisha. A Abrahamuwo anathawira ku Tanzania kalekale pa nkhani za ndale, ndipo anabwerera zipani zitaloledwa. Elisha anawayalira mphasa pamthunzi, kenaka n'kuzembera kukhitchini.

"Amake Hana, mpeni uli kuti? Achimwene sangadye masamba ngati mbuzi."

"Bambo, nkhuku ija ikufungatiratu."

"Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Vundikirani nsimayo."

Kukangana mlendo ali pakhomo n'kudzichotsa ulemu. Koma Modesta ankadziwa ziwiri: Elisha ndi kamimba kake aka sathamanga, ndipo bonongwe sachedwa kupsa. Mwamuna asanafike kunkhokwe, chitsononkho chinauluka kuchokera kukhitchini, thadzi n'kuthawira m'munda wa fodya. Anaponya ndani, musandifunse.

Modesta anathyola bonongwe wanthete kuseri kwa khola la mbuzi, n'kutsuka, n'kuduladula. Madzi pang'ono m'poto, mchere, phwetekere pamwamba. Soda ayi, amapha ndiwo. Zitabwata anathira nsinjiro n'kutakasa, masamba akadali obiriwira. Kumunda kunkamveka Elisha akutukwana nkhuku, munthu wa mu kwaya ameneyo.

Modesta anagwada pamphasa ndi beseni la madzi. "Alamu, yambani mwagwira m'mimba, ndiwo zenizeni zikubwera."

Elisha anatulukira thukuta lili kamukamu, thadzi lili m'khwapa. Anapeza akulu ake akunyambita zala, maso ali ofiira.

"Iwe Elisha, ukupita nayo kuti?"

"Ndi yanu, achimwene."

"Isiye. Chifikireni, nyumba iliyonse nkhuku, nkhuku, mpaka ndiyamba kulira ngati tambala. Bonongwe wotendera chonchi ndinamusiya m'manja mwa mayi, ndipo maliro awo sindinawaone." Anapukuta m'maso ndi mkono. "Alamu, watsalako m'potomo?"

Modesta anathamanga kukapakula wotsalayo, mtima uli mbee. Pobwerera anadzera kuseri kwa nkhokwe. Thadzi linali litabwerera kale pamalo pake, likung'ung'udza. Anapisa dzanja pansi pa mapiko, ndipo mazira anali akadali ofunda.