Umboni Woti Ndidzabwerera

Ndinalota ndili pamzere wofunsira viza, koma ofesiyo inali m'tchalitchi mwathu. Ndinali nditanyamula envulopu imene ndakhala ndikukonza kuti ndikaone mdzukulu wanga woyamba kunja, kwa mwana wanga Tadala. Zonse zinalimo: pasipoti, zithunzi ndi kalata ya Tadala yondiitana. Mapepalawo anali ofunda ngati angositidwa kumene, ndipo ankanunkhira sopo amene malemu akazi anga ankachapira.

Mayi wapazenera anawatembenuza limodzilimodzi. "Bambo, palibe umboni woti mudzabwerera. Kunyumba mwasiyako ndani?"

Nditacheuka ndinaona kuti mabenchi onse ndi opanda anthu, kupatula akazi anga, amene anakhala pamalo pawo pa masiku onse akusenda mtedza.

"Bambo a Tadala, auzeni kuti muli ndi manda oti mulambule mvula isanagwe," anatero osandiyang'ana.

Ndinapisa dzanja mu envulopu muja. Munatuluka dothi lofiira lokhalokha, lozizira, ndipo mayi uja analidinda chidindo osafunsanso kanthu.

Ndinadzidzimuka ndili pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, fomu ya viza ili pamiyendo. Pofunsa za banja paja ndinali nditachonga kuti ndine wokwatira, monga dzanja linazolowera. Ndinakonza, ndinapemphera, komabe mpaka lero sindikudziwa ngati akazi angawo amandilola kupita kapena amandikumbutsa kubwerera.

Envulopu ndikapereka Lolemba. Khasu ndanoleratu, lili kuseri kwa chitseko.