Bulangete Lonyowa

Komatu sizinali choncho, ndipo namwinoyo ankadziwa kuti sizinali choncho, ngakhale anangokhala pampando wapulasitiki m'kachipinda kokonzeramo mafilimu, chikwama cha kuntchito chili pamiyendo, akuonera pakompyuta filimu imene mnzake wa paubwana anajambula — nkhani ya awiriwo, ya moto umene unapsereza hositelo yawo zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Mnzakeyo anamuitana masana amenewo kuti akhale woyamba kuionera, anthu asanaione.

Mufilimumo, mtsikana wosewera ngati iyeyo anatulukira pawindo, n'kuima panja ali wefuwefu, kenaka anaviika bulangete mumgolo wa madzi n'kubwerera mu utsi kukatenga mnzake. Zogwira mtima ndithu. Koma zoona zake, namwinoyo sanabwerere. Iye anaima pansi pa mtengo, akumva dzina lake likuitanidwa kawiri, katatu, mpaka mawuwo anasanduka kutsokomola. Amene analowa ndi bulangete anali mlonda wachikulire, yemwe anatisiya kalekale, ndipo mufilimumu mulibe ngakhale chithunzithunzi chake.

Nanga mnzakeyu akuti chiyani? Mwina utsi unamufufutira zonse — madokotala ananenadi choncho — ndiye atatsitsimuka m'chipatala n'kuona nkhope ya namwinoyo pambali pa bedi, anangoilumikiza yekha nkhaniyo kuti ndiye anamupulumutsa, namwinoyonso osaiwongola, poti bodza lokunenera wina sililemera pakamwa. Kapena ayi, akukumbukira bwinobwino, ndipo filimuyi ndi mpeni wokulunga m'nsalu, womuonetsa munthu amene anayenera kukhala. Kapenanso — apa ndiye panamuwawa koposa — anamukhululukira kalekale osamuuza, ngati mmene mayi amachapira zofunda za mwana wokodza pogona, osanenapo kanthu m'mawa. Zaka zonsezi namwinoyu wakhala akutsuka mabala a anthu osawadziwa, kudzisankhira yekha wodi ya anthu opsa imene anzake amaithawa, koma chipsera cha pakhosi pa mnzakeyu sanachiyang'anepo mpaka kuchionetsetsa.

"Wangoti zii bwanji? Yaipa?" anafunsa mnzakeyo.

"Ayi, ili bwino. Kungoti mtsikanayu wandiposa kukongola."

"Iwe ndiye kunama sudziwa," anaseka mnzakeyo, akusendeza mpando wake pafupi.

Fani inkazungulira mwaulesi, kunja wina akumenya chitsulo pagalaja. Mufilimumo atsikana awiri aja, tsopano ali akuluakulu, ankapenta chipinda chatsopano uku akupakana utoto pamphuno, kuseka kwa anthu amene alibe chobisirana, ndipo namwinoyo anamva mawu akukwera kukhosi, awiri okha — sindinabwerere ine — n'kuwamezanso limodzi ndi malovu, akudziuza kuti lero si tsiku lake, kuti munthu wavutikira ntchito yakeyi chaka chathunthu, kuti mwina mawa.

Nyimbo inatha, mayina a osewera anakwera n'kuzimirira, kompyuta inada bii. Pagalasi lakudalo panaoneka nkhope ziwiri zoyandikana, ndipo m'pamene anaona kuti maso a mnzakeyo sanali pafilimu ayi — anali pa iye, odekha, osaphethira, ngati a munthu amene anayamba kudikira filimu isanayambe n'komwe.