Siginecha ya Bambo Pang

Qiu Wenshu anatsika basi ku Taicang, m'dziko la Tchaina, atanyamula thumba la malalanje kudzanja lina, chikwama kudzanja linalo. M'chikwamamo munali pepala limodzi, ndipo ndi lomwelo limene linamuchotsa ku Jeremani.

Kwa zaka zisanu ankalemba buku lofufuza mmene mabwana a Chijeremani ndi antchito a Chitchaina amakhalirana m'mafakitale. Mtima wa bukulo unali mutu wachinayi, ndipo mutuwo unali mawu a bambo Pang Deshui, amene anakhala kapitawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa fakitale ina yopanga zitsulo za galimoto. Anacheza nawo kakhumi ndi kamodzi, nthawi zonse kunyumba kwawo, pa chakudya.

Sabata yapitayo, a Pulofesa Rehbein, mayi amene ankayang'anira ntchito yake, anamuitanira mu ofesi.

"A Qiu, mutuwu waposa yonse. Koma pepala la chilolezo lili kuti?"

"Anavomera pakamwa, a Pulofesa. Makina ojambulira mawu ankawayatsa okha bambowo."

"Ine ndikukhulupirira. Koma komiti ya yunivesite siimva zapakamwa. Popanda siginecha mutuwo uchoka, ukachoka buku silikwanira, ndipo kontirakiti yanu ikutha mu Seputembala." Anavula magalasi, napukuta m'maso. "Makalasi anu ndiphunzitsa ndine. Pitani."

Sikuti Wenshu anaiwala. Tsiku loyamba kucheza nawo anatulutsa pepalalo, koma bambo Pang analikankha ndi kapu ya tiyi. "Mapepala ndi a anthu osakhulupirirana," anatero. "Iwe wadya mpunga wanga." Analibweza m'chikwama poganiza kuti adzapempha tsiku lina. Tsikulo silinafike. Chonsecho iyeyo ndi amene ankaphunzitsa ophunzira a ku Jeremani za zinthu zomwezi.

Atafika kunyumba kwa bambo Pang, amene anatsegula chitseko ndi mayi Luo, akazi awo.

"Taonani wophunzira wathu uja. Mafupa okhaokha. Azungu aja sakudyetsa?"

"Madzulo amadya buledi wozizira, azakhali."

"N'chifukwa chake saseka. Lowa, amalume ako ali pazenera."

Bambo Pang anali atadwala sitiroko m'nyengo yozizira. Dzanja lamanja linali lili gone pamwendo, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi.

"Dzanjali linasiya ntchito osatsanzika," anatero. "Ku fakitale ndikanalichotsa tsiku lomwelo."

Anadya nsomba yophika pa nthunzi. Mayi Luo ankachotsa minga n'kumaika mnofu m'mbale ya amuna awo, uku akukamba za anansi, ngati kuti manjawo si awo. Bambo Pang analimbana ndi supuni kudzanja lamanzere mpaka anatapa kamnofu ka patsaya la nsomba, kokoma koposa, n'kukagwetsera m'mbale ya Wenshu. Iye anawerama. Mumtima anapemphera kuti Mulungu amupatse mawu, kapena amuonetse njira ina. Njira ina sinaoneke.

"A ku fakitale anabwera kamodzi," anatero bambo Pang. "Maluwa, chithunzi, basi. Koma iwe wayenda ulendo wonsewu popanda chifukwa, kungodzaona nkhalamba."

Wenshu anasiya kudya.

"Amalume, chifukwa chilipo."

Anatulutsa pepala lija, nalipereka ndi manja awiri. Mayi Luo anasiya nkhani ya anansi pakatikati. Bambo Pang anawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, osadumpha ngakhale timalemba ting'onoting'ono.

"Ndiye kuti zonse ndinakuuza zija, popanda ichi, ndi mphepo?"

"Kwa azungu aja, amalume. Osati kwa ine."

"Iwowo ndimawadziwa. Sanama anthu aja, koma ngati sunalembe, sunanene. Chimene sindimadziwa n'chakuti nawenso wafika pamenepo." Anapuma. "Ndikapanda kusaina?"

"Ntchito yanga yatha."

"Ukanabwera ikanakhala kuti siikutha?"

Wenshu anafuna kunena kuti inde. Anakumbukira kuti za matendawo anamva miyezi isanu yapitayo, ndipo anangotumiza uthenga pafoni.

"Sindikudziwa, amalume."

Bambo Pang anagwedeza mutu pang'ono, ngati kapitawo amene wapima chitsulo n'kupeza kuti muyezo wake ndi womwe ankauyembekezera.

"Luo, gwira pepala."

Mayi Luo anasuntha mbale, napanikiza pepalalo ndi zala. Dzinalo linali la zilembo zitatu zokha za Chitchaina, koma dzanja lamanzere linatenga nthawi imene tiyi amazizirira. Cholembera chinagwa kawiri. Wenshu atafuna kutola kachiwiriko, bamboyo anamuletsa ndi maso, natola okha. Thukuta linali pamphumi.

"Tsiku nalonso ndilembe," anatero. "Angakubwezenso."

Atamaliza anakankhira pepalalo kwa iye. Wenshu anathokoza, koma mawu ake anamveka ngati a mu ofesi. Anayamba kusonkhanitsa mbale monga ankachitira masiku onse.

"Zisiyeni," anatero bambo Pang mwaulemu. "Luo, perekeza mlendo."

M'nyumba imeneyi Wenshu anali asanaperekezedwepo. Ankangokuwa ali pakhomo kuti wapita, n'kudzitsekera yekha chitseko monga amachitira ana apakhomo.

"Azakhali, musavutike. Maondo anu aja."

"Wamva wekha zimene anena."

Anatsika limodzi masitepe a nsanjika zonse zisanu, mayi Luo akugwira khoma. Anadutsa pabwalo, anatuluka pageti, anafika mpaka pamsewu. Pamenepo mayiyo anamukonzera kolala ya jekete imene inapindika.

"Ndibwerenso mawa?" anafunsa Wenshu.

Mayi Luo anayang'ana kumwamba, kuzenera kuja. Panalibe munthu.

"Uyambe waimba foni," anatero.

Anaima pomwepo mpaka basi inafika, monga amachitira ndi alendo olemekezeka.