Mapu a Petulo Wakale

Kakamera ka pa waya katalowa m'silinda yomaliza ya injini, Mtchona anayamba waleka kupuma. Anakapotoza pang'onopang'ono pa bowo la pulagi, maso ali pa foni, kufunafuna timaenje timene pisitoni imachita ikamenyedwa ndi moto wofulumira. Sanatipeze. Mutu wa pisitoni unali wosalala, wongoda ndi mwaye pang'ono, chimodzimodzi zinzake zitatu zija.

"Nanga?" anafunsa achimwene ake, amene anaima pambali pa boneti atafumbata mapulagi ngati mazira.

"Zonse zili moyo."

"Waonetsetsa?"

"Ndaonetsetsa, achimwene. Ngakhale kachipsera kalibe."

Achimwenewo anaika mapulagi pa benchi, nakhala pa tayala lakale. Mtchona naye anangotsetsereka mpaka pa simenti, msana atatsamira chitseko cha galimoto. Mapisitoni amenewa analibe anzake pa dziko lonse. Anawasema mkulu wina wa kunja, amene anamwalira kale, ndipo anawasemera injini iyi yokha.

Galimotoyo inali yaing'ono, yofiira, ya mipando iwiri. Achimwene anakhala nayo zaka zambiri ili pa zitsulo, akuimanga ndi manja awo. Anaiika kirankishafuti yotalika mkono, kuti pisitoni izitsika kwambiri ndi kukwera kwambiri, injini izimeza mpweya wochuluka kuposa mmene inabadwira. Ntchito itatsala pang'ono kutha, dokotala anawauza kuti maso awo akutsekeka, ndipo laisensi ikatha chaka chino asavutike n'kupita kukaikonzanso. Masana ankaonabe msewu. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kukwera phiri la kuseri kwa tauni ndi injini yawoyo, chiwongolero chili m'manja mwawo.

N'chifukwa chake anaitana mng'ono wawo, amene anapita kunja ali mnyamata n'kukhalitsa mpaka abale anangomutcha Mtchona. Kumeneko ntchito yake inali ya mapu a moto. Mapuwo ndi timabokosi ta manambala m'kompyuta ya injini, kabokosi kalikonse kouza pulagi nthawi yoyatsira, madigiri angati pisitoni isanafike pamwamba, malinga ndi liwiro la injini komanso mmene woyendetsa wapondera mafuta. Moto ukachedwa, injini imachita ulesi. Ukafulumira, petulo amaphulika mwachisawawa, injini n'kumagogoda m'kati, ndipo pisitoni imatha kubooka munthu asanamalize kutukwana. Mtchona anabwera ndi mapu ake atalemberatu pa laputopu, okongola, manambala akukwera ndi kutsika mwaulemu.

Dzulo lake ndiye anakawayesa. Anamanga kapaipi kamkuwa pa injini, n'kulumikiza paipi yapulasitiki yofika m'makutu, monga amachitira akatswiri pofuna kumva kugogoda kusanakule. Achimwene ankayendetsa, iye ali ndi paipi m'makutu ndi laputopu pamiyendo. Pakati pa phiri, giya yachitatu, achimwene anachotsa phazi pa mafuta mwadzidzidzi n'kuzimitsa injini.

"Mukumveka ngati mchenga m'chitini umu," anatero.

"Sindinamve kanthu."

"Ndamva ine wopanda paipi."

Anakangana pambali pa msewu mpaka anabwerera kunyumba atakokedwa ndi lole ya mnansi, osalankhulana. Lero m'mawa ndiye anatsegula mapulagi kuti aone chimene chatsala.

Alamu ake a Mtchona, akazi a achimwenewo, analowa m'galaja ndi tiyi, nayang'ana amuna awiri okhala pansi.

"Maliro kapena chikondwerero?"

"Zapulumuka," anayankha amuna awo.

"Ndiye dzukani, simenti idzakupatsani nyamakazi. Alamu, shuga zingati?"

Mtchona anali kupukuta kakamera kaja.

"Alamu."

Anatembenuka atawaona akugwedeza supuni.

"Mwaona, bambo?" anatero alamuwo kwa amuna awo. "Dzulo ndinawaitana kuchokera kukhitchini mpaka mawu kusasa. Ndimayesa mwano wa kunja. Si mwano ayi. Makutu anatsala komweko pamodzi ndi tsitsi."

Mtchona anafuna kukana, koma mtima wake unali wopepuka kwambiri moti sukanatha kunyamula bodza. Zaka zonse zija m'zipinda zoyesera injini, phokoso likugunda makoma, zinamudya mawu ang'onoang'ono onse. Mbalame ankaziona zikutsegula milomo basi. Kunja sizinkavuta, makina ankamva m'malo mwake n'kumulembera pa galasi. Kuno kunali paipi yokha.

"Pang'ono," anatero. "Mawu oonda ndi amene amandithawa."

"Ndiye unavaliranji paipi?" anafunsa achimwene.

"Imandikhala."

Achimwene anaseka mpaka tiyi kutayikira pa ovolosi. Kenaka anapukuta pakamwa. "Chabwino, makutu tawamva. Nanga mapu? Iwe suja unkatiuza kuti kunja amachita kukuimirira pamzere?"

Funso limenelo linali litamuvuta Mtchona chigonere. Anatsegula laputopu, nayang'ana timabokosi ta kumtunda, ta injini ikamakoka zolimba. Manambala anali olondola. Kutalika kwa kirankishafuti anakuwerengera, kupanikizika kwa mpweya m'silinda anakuwerengera, zonse.

"Sindinalakwitse," anatero. "Pa supa, madigiri awa ndi ofatsa."

"Pa chiyani?"

"Petulo wa supa. Wofiira uja."

Alamu anaika thireyi pa benchi mosamala, ngati akuopa kuti aigwetsa.

"Mphwanga," anatero achimwene, "supa anatha ana athu asanayambe sukulu."

"Nanga pampu ya pa mphambano ija? Ya mkulu wa chipewa uja?"

"Pamenepo pakugulitsidwa mafoni," anayankha alamu. "Mkulu wa chipewa tinakamuika kale. Tinakulemberani."

"Petulo alipo mtundu umodzi," anapitiriza achimwene. "Amene akuthirira ndi yemweyo. Wina amanunkha ngati wagona ndi parafini. Umangopemphera."

Mtchona anayang'ana manambala ake aja. Ali kunja anafunsa achimwene zonse pa foni, kukula kwa masilinda, mtundu wa mapulagi, ngakhale kutalika kwa mawaya. Za petulo sanafunse, chifukwa munthu safunsa zimene akudziwa. Usiku uliwonse wa chisanu umene ankalemba mapuwo, ankamva fungo la petulo wofiira m'chigubu cha bambo awo. Ankaonanso phiri lija mmene analisiyira, mitengo itakumana pamwamba pa msewu, mpweya wozizira umene injini imaukonda. Dzulo anapeza phiri lometedwa, nyumba zitakwera mpaka pamwamba, phula likutentha ngati chiwaya. Anaziona, zinamuwawa, anadandaula njira yonse, koma sizinamufike m'mutu kuti mpweya wotenthawo ukulowanso m'injini. Anali atalembera mapu dziko limene linatsala m'mutu mwake mokha. Anthu anagwetsa mitengo, anatseka pampu, anasintha petulo, osamudikira, osamufunsa n'komwe.

"Mwaononga tauni," anatero.

"Tinkakudikira kuti udzatiletse," anayankha achimwene. "Ndiye titani?"

Chochita ankachidziwa, ndipo manja ake anayamba okha. Anabweza moto m'mbuyo madigiri asanu ndi limodzi m'timabokosi tonse ta kumtunda, nawonjezera lamulo loti mpweya ukatentha kompyuta izibwezanso pang'ono. Injini ikhala yaulesi poyamba. Kenaka azidzabwezera digiri imodzi imodzi, mpaka pamene mchenga uyambire, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kusiya malo a petulo woipa.

"Koma paipi muvala ndinu," anatero. "Ine ndiyendetsa. Mukamva kanthu mundifinye bondo."

"Uyu alibe maso, uyu alibe makutu," anatero alamu akutolera makapu. "Awirinu mukwana munthu mmodzi. Mundisiyire nambala ya mwini lole."

Anamanganso mapulagi, nanyamuka dzuwa litakwera, dala, kuti ayese pa kutentha kwenikweni. Achimwene anakhala ndi paipi m'makutu, atatsinzina, dzanja lili pa bondo la mng'ono wawo. Ulendo woyamba galimoto inakwera ngati ng'ombe yokhuta, ndipo dzanja silinagwedezeke. Mtchona anaima pansi pa chikwangwani chachikulu cha sopo, pamene kale panali mtengo wamthunzi, nawonjezera digiri imodzi. Anatsika, nakweranso. Anawonjezeranso. Injini inayamba kudzuka, mawu ake akukhuthala, mpando ukukankha msana. Pa ulendo wina, atangolowa pa kona yotsetsereka kwambiri, zala zinamulowa m'bondo. Anachotsa phazi nthawi yomweyo.

"Timchenga tiwiri titatu," anatero achimwene. "Pomwe paja singano ya liwiro la injini imadutsa pakati."

"Mukandithyola mwendo muyendetsa nokha pobwerera."

Mtchona anaimitsa galimoto, napeza timabokosi take, nabweza madigiri awiri pamenepo ndi pa toyandikana nato, kusalaza manambala kuti pasakhale chitunda. Mapu ake anali atasiya kukongola. Pakati panali chigwa chimene mphunzitsi wake wa kunja akanachiseka. Koma atakweranso, kenaka kukweranso, dzanja linangogona pa bondo, lofunda, lolemera, losanena kanthu.

Pansi pa phiri anaimitsa galimoto, natuluka osazimitsa. Anazungulira n'kutsegula chitseko cha achimwene ake.

"Tsikani. Mpando wanu ndi uwo."

Achimwene anavula paipi, naipinda bwinobwino. Anakhala pa chiwongolero, nachisisita ndi zikhatho, nasuntha mpando.

"Ukaona dzenje unene."

"Ndinena. Mukamva mchenga muchotse phazi."

"Sindinayambe dzulo kuyendetsa, iwe."

Ananyamuka bwino, giya yoyamba, yachiwiri. Pa yachitatu anaponda mafuta mpaka pansi, ndipo galimoto yofiira inalusa. Mtchona ankatchula msewu, dzenje kumanzere, njinga kutsogolo, kona ikubwera, koma maso ake ankabwerera ku phazi la achimwene. Pa malo a dzulo paja, phazilo silinasunthe. Pa kona yotsetsereka silinasunthenso. Singano inadutsa pakati n'kupitirira, ndipo achimwene anali kuseka osatulutsa mawu, pakamwa pali pululu ngati mwana.

Pamwamba anaima pa bwalo lafumbi, nazimitsa injini. Anakhala momwemo, mawindo otsegula, mphepo yotentha ikudutsa.

"Ukuona chiyani kumusiko?" anafunsa achimwene.

Mtchona anayang'ana. Malata okhaokha mpaka kumene kunali dambo, nsanja za mafoni, utsi. Anali ndi mawu ambiri owawa amene anawasunga chifikire, koma anapeza kuti lero sakuwafuna.

"Nyumba yanu ikuoneka," anatero. "Alamu ayanika zovala."

Achimwene anapendeketsa mutu cha ku boneti, akumvetsera.

"Ikuthetheka," anatero.

Mtchona anawongoka pampando.

"Khala pansi, iwe. N'chitsulo chikuzizira basi." Anamumenya pa bondo lija. "Uimbire mlamu wako, umuuze kuti lole isabwere."