Masamba Atatu Omaliza a Thadzi la Sikitu

Subilaga anaponya buku pa makina osokera, pamwamba penipeni pa diresi ya kasitomala imene Tumpale ankapinda m'munsi.

"Tsegula tsamba 24, Thadzi iwe. Uwerenge mokweza, ndimve ndi makutu angawa."

"Chotsa, udetsa nsalu ya eni ake. Manja akowo ndi a mapeyala okhaokha."

"Tsamba 24."

Linali Lachinayi, mvula ya ku Tukuyu ikuwaza monga mwa masiku onse. Amayi awiriwa anali ndi zidzukulu, koma ankaitanabe ndi mayina a m'buku limene anawerenga ali mu sitandade 3. Bukulo linali *Thadzi la Sikitu*, lolembedwa ndi mayi wina, Bibi Enea Kasebele. Linkanena za nkhuku yamawanga imene inakwera basi ya ku Dar es Salaam kukafuna Sikitu, mtsikana woiweta, amene anapita kusukulu yogonera komweko. Tumpale anali Thadzi chifukwa ankayenda mutu uli patsogolo. Subilaga, wogulitsa mapeyala pamsika, anali Kondakitala chifukwa sankadziwa kuika basela.

Loweruka lililonse, kwa zaka makumi atatu, Tumpale ankasonkhanitsa ana pakhonde la shopu yake n'kuwawerengera mabuku a Bibi Kasebele. Mabukuwo anali nawo asanu ndi awiri, koma la thadzi ndilo ana ankalilirira. Tsopano Loweruka likubweralo mwini wake wa mabukuwo ankabwera pasukulu ya pulayimale, ndipo Tumpale ndiye anasankhidwa kuwerenga pamaso pake.

Buku limene Subilaga anaponyalo linali latsopano, lonunkhira kusitolo. Mwana wake anamugulira ku Mbeya kuti Bibi adzasainemo. Tumpale anavala magalasi, nawerenga tsamba 24, 25 ndi 26 chamumtima. Atamaliza anavula magalasiwo n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera.

"Dzira lili kuti?" anafunsa Subilaga.

Tumpale anapitiriza kupukuta magalasi aja.

"Ndikufunsa dzira limene thadzi linaikira m'chipewa cha kondakitala polipirira ulendo. Nanga pamene linalowa m'kalasi n'kukatera pamutu pa Sikitu? Ndafuna mpaka kuchikuto. Mulibe. Thadzi la Bibi silinamupeze Sikitu. Linatoledwa ndi mayi wogulitsa tiyi pa siteshoni, n'kukalambira komweko."

"Ndaona."

"Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Koma iwe uyankhula."

Tumpale anatsegula kabati n'kutulutsa buku lake lakale, losokedwa ndi ulusi wakuda kumsana. Analitembenuza. Linkathera pa tsamba 23.

"Amalume anang'amba kupichirira fodya," anatero. "Ndisanafike n'komwe kumeneko. Tsiku lotsatira iwe unandikakamira pa nthawi yopuma kuti ndikuuze mmene zinathera. Unali utagwira chinangwa chootcha. Unati sundigawira ndikapanda kunena."

"Ndiye unandinamiza chifukwa cha chinangwa."

"Chinali chachikulu."

Subilaga anakhala pa mpando wa makasitomala. "Zaka makumi asanu. Ana anga onse asanu ndinawalera ndi dzira limenelo. Pa ukwati wa mwana wanga Gwamaka ndinaimirira pamaso pa abusa n'kunena kuti, monga analembera Bibi Kasebele, wofunafuna ndi mtima wonse amapeza. Anthu anawomba m'manja. Kani ndimatchula mawu a telala wa pa Tukuyu."

"Anawomba m'manja, sichoncho?"

"Usandiseketse, ndakwiya."

Koma anali akuseka kale, mpaka kudzigwira m'nthiti. Tumpale sanaseke. Ana onse a m'tauniyo ankadziwa mathero ake aja pamtima. Ena mwa makolo awo anawamva ali ana pakhonde lomwelo. Akawerenga mathero enieni, ana adzakuwa kuti walakwitsa. Akanena akewo, adzakhala akunama pamaso pa mayi amene iye ankamulemekeza kuposa wina aliyense wolemba ndi cholembera.

"Loweruka ndidwala," anatero.

"Udwala chiyani?"

"Mutu. Msana. Chilichonse."

"Ndidzabwera ndi bajaji ya matayala atatu ija kudzakunyamula ndi bedi lomwe. Walira mvula walira matope, mnzanga. Si iwe unalemba makalata atatu kuti abwere?"

"Ndiye nditani?"

"Ine ndine kondakitala. Ntchito yanga n'kukweza anthu. Kotsikira amadziwa okha."

Loweruka ana anakhala pa mabenchi mu holo ya sukulu, makolo ataima kumbuyo ndi maambulera onyowa. Bibi Kasebele anali kamayi kakafupi, kovala juzi ya bambo ndi nsapato za tenesi, magalasi akulendewera pa chingwe. Tumpale atamugwira dzanja anaiwala moni umene anakonza sabata yonse.

Mphunzitsi wamkulu, Mwalimu Mwakibete, anali ndi mapepala anayi a mawu olandirira mlendo. Atafika pakati pa lachiwiri, Bibi anakweza ndodo yake pang'ono.

"Mwalimu, zikomo. Otsalawo mundipatse ndikawerenge m'basi. Anawa akuzizidwa."

"Wamuona?" Subilaga ananong'oneza. "Munthu weniweni ameneyo."

Tumpale anaimirira ndi buku lake lakale. Anayamba kuwerenga. Analira ngati thadzi lobisala pansi pa mpando wa basi. Anakhosomola ngati injini pa chitunda. Anayankhula ndi mawu onenepa a kondakitala, akuyang'ana Subilaga, holo yonse n'kuseka. Bibi anatseka maso, milomo yake ikutsatira mawu amene analemba zaka zambiri zapitazo.

Anafika pa tsamba 23. Basi yaima mu Dar es Salaam, kondakitala wagwira thadzi mapiko, akuti lipira.

"Chipewa! Chipewa!" anayamba ana, akumenya mabenchi.

Bibi anatsegula maso. "Chipewa chanji?"

Tumpale anatseka buku. Anapita pamene panakhala mlendoyo n'kuliika m'manja mwake, chikuto chakumbuyo chili m'mwamba.

"Bibi, buku langa limathera apa. Masamba atatu anang'ambika ndili mwana. Zimene anawa akudziwa kuchokera pamenepa si zanu. Ndinapeka ine, n'kumanena kuti ndi zanu. Zenizeni ndaziwerenga dzana. Ndakulakwirani, ndalakwiranso anawa."

Mwalimu Mwakibete anayang'ana kudenga. Bibi anavala magalasi, nayang'anitsitsa ulusi wakuda uja, naugwira ndi chala.

"Wasoka bwino," anatero. "Tsopano nena, ndimve. Chipewacho chikundivutitsa."

"Bibi, pamaso panu?"

"Nanga wakhala ukunena kumbuyo kwanga zaka zingati?"

"Makumi asanu," anayankha Subilaga ali kumbuyo. "Ine ndine mboni, Bibi. Anayambira pa ine."

Tumpale ananena. Thadzi linapempha kondakitala kuti avule chipewa, linakhalamo mwaulemu, n'kuikira dzira lotentha. Kondakitala analiyang'ana padzuwa, n'kubweza chenji cha chimanga maso atatu. Ana ankanena naye limodzi liwu ndi liwu. Pofika pamene thadzi linatera pamutu pa Sikitu m'kalasi la masamu, Bibi anali atawerama pa ndodo yake, misozi ya phwete ikutsika.

"Chenji cha chimanga," anatero akupukuta m'maso. "Ndikanaganiza zimenezo ine, bwenzi ndili ndi galimoto."

Kenako anatembenukira kwa ana. Subilaga anamupatsira buku latsopano lija, koma iye analiika pamiyendo osalitsegula. Ananena masamba atatuwo pamtima, motsitsa mawu. Thadzi linayenda misewu yonse, koma mzinda unali waukulu. Mayi wa tiyi analitola, nalipatsa mpunga wotsala. Linaswa anapiye pansi pa tebulo lake. Basi iliyonse ikaima, linkatukula mutu kuyang'ana atsikana otsika.

Palibe anamenya benchi. Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja.

"Bibi, ndiye Sikitu sanalionenso?"

"Sanalionenso, mwanangu. Ine ndinapita kusukulu ndili ndi zaka khumi, ndinasiya nkhuku yanga kwathu. Sinandipeze. Sindingalembe kuti inandipeza."

Anatulutsa cholembera m'thumba la juzi n'kupatsa Tumpale pamodzi ndi buku lakale lija.

"Nkhani yakoyo ndi yabwino. Koma mwana wako umubereke pamsana pako, osati panga. Ulembe kuchikutoku, uikepo dzina lako. Ukamawerengera anawa uziwauza kuti apa Enea wathera, apa Tumpale wayamba. Ndipo masamba angawo aziwamvanso. Ana saphwanyika ndi nkhani yachisoni."

"Ndamva, Bibi."

"Nanga mboni ija ndi ndani?"

"Kondakitala, Bibi," anatero Tumpale. "Ngakhale peyala lowola sangakupatseni laulere."

"Bodza lachiwiri limenelo," anatero Subilaga, akusenza dengu lonse la mapeyala kupita nalo kutsogolo. "Muziwerenga mabodza akewa, Bibi, lero lokha afika pa awiri."

Bibi anasaina mabuku onse awiri, nadya nthochi zophika ndi nyama limodzi ndi aphunzitsi, nakwera basi ya masana.

Loweruka lotsatira ana anadzaza khonde la shopu mpaka ena kukhala pa masitepe. Tumpale anawerenga mpaka tsamba 23, nanena zake, natchula kuti n'zake. Kenako anatenga buku latsopano kuti awerenge za mwini wake. Anadutsa tsamba 24. Pa mayi wa tiyi mawu anayamba kuchepa. Pamene thadzi linatukula mutu kuyang'ana basi, analekeza kuwerenga. Anayesa kawiri, osatheka.

Subilaga, amene anasiya benchi lake pamsika kuti adzaone, anamulanda bukulo. Anakhala pa mpando wa makasitomala n'kupitiriza, ndi mawu ake okalipa ogulitsira malonda, pang'onopang'ono, mpaka mzere womaliza. Tumpale anaima kumapeto kwa khonde atafulatira ana, akuyang'ana mvula.

Kuyambira tsikulo masamba atatuwo amawerenga ndi Subilaga. Amamuseka mnzakeyo za chinangwa, za chipewa, za mayendedwe ake, pamsika ndi kutchalitchi komwe. Za kumapeto kwa khonde sanazitchulepo.